Mlombwa ukutha, chitsulo chadula: womanga nyumba ku Neno agwira mtengo wanji?

Mvula ikangokhazikika mu January, zitseko zambiri ku Neno zimayamba mwano. China chimafuna phewa kuti chitseguke, china chimakhula pansi mpaka kusiya chizindikiro pasimenti, china loko wake sakumananso ndi bowo la pafelemu moti eni nyumba amagona atatchinga ndi mpando kapena mtondo. Pofika October chitseko chomwecho chimakhala chasintha mawanga: matabwa atalikirana, pali ming'alu yoti munthu ali panja n'kumaona nyali ya pabalaza. Ambirife timangoti kalipentala anatidyera ndalama, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komatu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kalipentala. Chitseko chimene wachinyamata angakwanitse kuika panyumba yake yoyamba lero chikudalira nkhani zomwe timaziona pa foni tsiku ndi tsiku n'kumaziyesa za andale okha: kutha kwa nkhalango, kugwa kwa kwacha, misewu yosatha kumangidwa, ndi anamondwe omwe azolowera njira ya kuno. Pa 13 March 2023, boma litalengeza kuti chigawo chakummwera kwagwa ngozi kaamba ka namondwe wa Freddy, Neno inali m'gulu la maboma otchulidwawo. Chaka cha 2022 kunali Ana, 2019 kunali Idai. Anthu akhala akumanganso nyumba, ndipo pomanganso timakamba za njerwa, simenti ndi malata. Chitseko chimaganiziridwa kumapeto, ndalama zitatha, ngakhale kuti ndicho chokhacho panyumba chomwe chimagwira ntchito kambirimbiri patsiku uku chikumenyedwa ndi mvula ndi dzuwa.

Choyamba chofunika kumvetsa n'chakuti Neno ili pawiri. Kuli kumtunda, kwa Dambe ndi madera ozungulira boma, komwe kumalimidwa mbatatesi, tirigu ndi manachesi. Kumeneko mvula ndi yambiri, nkhungu imachedwa kuchoka m'mawa, ndipo ngakhale mu June ndi July mumatha kugwa kamvula kowaza ka chiperoni. Thabwa kumeneko limakhala miyezi yambiri likupuma mpweya wachinyezi. Ndiye kuli kumunsi, ku Lisungwi, Zalewa, Kammwamba mpaka ku Matope m'mbali mwa Shire, komwe kumatentha koopsa, kumauma kwa miyezi yambiri, kenako mvula n'kubwera mwaukali pakanthawi kochepa. Kumunsiku mdani wamkulu ndi chiswe komanso kusintha kwadzidzidzi kuchoka kouma gwa kufika konyowa. Choncho munthu akakuuzani kuti "chitseko chabwino ndi chakuti" osafunsa komwe mukumanga, dziwani kuti akugulitsa, sakulangiza.

Agogo athu funsoli analibe. Yankho linali mlombwa, ukasowa mbawa. Sikuti ankangotengeka ndi kufiira kokongolako ayi. Mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yomwe thabwa lake silisuntha kwenikweni nyengo ikasintha: silifufuma kwambiri m'dzinja, silibwerera kwambiri m'chilimwe, ndipo mtima wake, mbali yofiira ya m'kati ija, chiswe sichiufuna. Pitani kunyumba zakale za mishoni kapena masitolo akale, mukapeza zitseko zomwe zaona maboma onse kuyambira wa atsamunda koma zikutsekabe bwinobwino.

Vuto n'lakuti mlombwa umakula pang'onopang'ono. Mtengo woti n'kuchekapo matabwa otambalala a chitseko umakhala wa zaka makumi ambiri, kuposa msinkhu wa makolo a ambiri amene mukuwerenga pano. Tikuudula mofulumira kuposa mmene umakulira, ndipo zotsatira zake zikuoneka m'mashedi a akalipentala momwe. Matabwa a mlombwa a masiku ano ndi ang'onoang'ono, ochekedwa ku mitengo yanthete, ndipo ambiri ali ndi mbali yoyera ya kunja ija. Mbali yoyerayo ilibe mphamvu ya mtima, imafumbwa ngati chimanga cha m'nkhokwe. Wogulitsa wochenjera amaipaka mankhwala ofiiritsa kuti thabwa lonse lioneke lofanana. Mukalipira mtengo wa mlombwa, koma theka la chitseko chanu ndi chakudya cha tizilombo. Mukafuna kudziwa, yang'anani m'mphepete mwa pansi kapena pamwamba pomwe sipanapakidwe, kapena pemphani kuti apale pang'ono pakona. Wokana kupala ali ndi chomwe akubisa.

Kenako pali lamulo. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yotetezedwa m'dziko muno, ndipo kudula mitengo yachilengedwe n'cholinga chogulitsa kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera kwambiri. Kunja nako zinthu zasintha. Mu 2019 dziko la Malawi lomwe lino ndi lomwe linapempha kuti mtengo wa mukula, m'bale wake wa mlombwa, ulowe pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko. Mu November 2022, pamsonkhano wa ku Panama, mitundu yonse ya mu Africa ya banja la mlombwa ndi la mbawa inalowanso pa mndandanda womwewo. Panganoli limakhudza malonda odutsa malire, silikukhudza chitseko cha nyumba yanu mwachindunji, koma likutiuza kanthu: mitengo imene ife timaiona ngati ya kutchire kwa aliyense, dziko lapansi layamba kuiwerenga ngati yomwe ikhoza kutha.

Apa ndiye pamene ine pamandiwawa. Aliyense amene anadutsapo pa Zalewa amadziwa matumba a makala omwe amandanda m'mbali mwa msewu, ndi njinga zomwe zimatsetsereka nawo kulowera ku Blantyre. Neno ndi Mwanza akhala akuphikira mzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri. Mtengo womwe ukanakhala chitseko cha zaka 50 umasanduka makala ophikira nyemba sabata ziwiri ku Ndirande kapena ku Chirimba. Sindikunyoza wootcha makala, chifukwa amene chimanga chake chapserera m'munda ku Lisungwi sungamuuze za CITES ana akulira njala. Sindikunyozanso mayi wa m'tauni yemwe magetsi ndi gasi sangazikwanitse. Koma tivomereze kuti boma lomwe lili ndi nkhalango ya Tsamba ndi mapiri omwe kale anali bii ndi mitengo, lafika poti mwana wake akafuna thabwa labwino azikaligula kutauni, kapena kudikira lolowa mozemba kuchokera ku Mozambique. Ndipo wachinyamata amene amalemba pa Facebook zodandaula za kusintha kwa nyengo, mawa lake n'kukaitanitsa chitseko cha mlombwa osafunsa komwe thabwa lachokera, nayenso ali m'gulu lomwelo la odula.

Ndiye titani? Tisanafike pa chitsulo, tiyeni tikhalitse pa thabwa, poti apa ndi pamene anthu ambiri amaluza ndalama mosadziwa.

Mtengo ukangodulidwa umakhala wodzaza madzi, mitundu ina mpaka theka la kulemera kwake. Thabwa likamauma limachepa m'mimba mwake, osati kwenikweni m'litali. Likauma n'kufika pofanana ndi mpweya wa pamalopo limakhazikika, koma silisiya kupuma: mpweya ukanyowa limamwa n'kufufuma, ukauma limalavula n'kubwerera. Chitseko chokhomedwa ndi matabwa aawisi chimakaumira pakhomo panu, ndipo pouma chimapindika, zolumikiza zimamasuka, mapanelo amang'aluka. Zitseko zambiri zomwe timazinena kuti "mtengo wake ndi woipa" vuto lake si mtundu wa mtengo. Zinapangidwa thabwa lisanaume, basi.

N'chifukwa chiyani akalipentala amachita zimenezi pomwe amadziwa? Yankho ndi mpamba. Kuumitsa matabwa kumafuna kuwasanja pamthunzi podutsa mphepo, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, kwa miyezi ingapo. Imeneyo ndi ndalama yogona. Kalipentala wa pa Ligowe kapena pa Chifunga alibe ndalama yogoneka miyezi itatu kapena inayi. Amadikira inu mupereke ya poyambira, athamange kwa ocheka, agule thabwa lomwe linali mtengo sabata yatha, ndipo inu nomwe mukumuimbira foni kawiri patsiku kuti Loweruka mukulowa m'nyumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma womanga nyumba ya lendi kapena wothawa lendi kudekha amakuona ngati kutaya nthawi.

Njira yake ndi yosavuta ngakhale imafuna kuganiza msanga. Gulani matabwa a chitseko nthawi yomwe mukuumba njerwa, osati pomwe mwakhoma malata. Asanjeni nokha pakhonde kapena m'chisakasa. Dulani kachidutswa, muzikayeza pasikelo ya pamsika sabata iliyonse. Kakasiya kupepuka, thabwa lauma. Ndipo kumbukirani mwezi womwe chitseko chikuikidwa. Chokhomedwa mu October chili pochepetsetsa pake, ndiye chikathina bwino tsiku loikalo, mu January chidzakana. Mmisiri wodziwa amasiya kampata ka mamilimita atatu kapena kuposerapo pang'ono kuzungulira, ndipo mapanelo a pakati samawamata ndi guluu, amawasiya kuti aziyenda m'mizere yawo. Mwini nyumba wosadziwa amakalipa kuti chitseko chili ndi mpata. Mpata umenewo ndi umene udzakupulumutseni.

Mitengo yodzala ndi yomwe yatsala, ndipo si yonyozeka monga timaiganizira. Malaina, omwe anadzalidwa kwambiri m'dziko muno kuyambira nthawi ya Kamuzu, amachedwa kuuma koma akauma sasunthasuntha, ndipo ndi opepuka moti salemetsa mahinjesi. Bulugamu wokhwima ndi wolimba zedi, koma wanthete amang'aluka ndi kupotoka ngati chingwe, ndiye funsani msinkhu wa mtengo. Paini, wa ku Chikangawa kapena ku Dedza ndi Zomba, ndi wosavuta kupala ndipo amapezeka, koma ndi wofewa, chiswe chimamukonda ngati nsima, ndipo wakuba ndi chitsulo chokanulira sachedwa naye. Paini wolowetsedwa mankhwala ndi makina kufakitale, wooneka mobiriwira uja, amapirira. Wongopakidwa Solignum ndi bulashi watetezedwa khungu lokha. Za oyilo wakutha wa galimoto yemwe ambiri amapaka, pa mitengo ya denga mwina, koma pachitseko chomwe ana amagwira kenako n'kukadya, ine ayi, ndipo penti sagwiranso pamenepo.

Chomwe sindingachiikire kumbuyo ngakhale pang'ono ndi chitseko chosalala cha pulayiwudi chija, chomwe m'mashopu amati flush door, chikaikidwa pakhomo lakunja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. M'kati mwake ndi mphako, muli timitengo towerengeka kapena makatoni, kunja kwake timapepala ta thabwa tomatidwa ndi guluu. Chinapangidwira kuchipinda. Madzi akangolowa pansi pake timapepalato timayamba kusendeka ngati nthochi, ndipo phazi limodzi lamphamvu limaboola. Chimatchipa tsiku logula lokha. Eni nyumba za lendi amachikonda poti wovutika ndi wina.

Tsopano chitsulo, chomwe achinyamata ambiri athamangirako. Zifukwa zake n'zomveka: chiswe sichidya chitsulo, mvula sichifufumitsa, wakuba amaganiza kawiri, ndipo kunena zoona chimaoneka chamakono pachithunzi cha pa WhatsApp. Kumunsi kwa Neno, komwe chiswe chimatha kumaliza felemu ya paini dzinja limodzi, felemu yachitsulo ndi nzeru ndithu.

Koma chitsulo sitipanga kuno. Mapaipi, mapepala achitsulo, ndodo zowotcherera, penti wabwino, zambiri mwa izi zimalowa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola imodzi inachoka pa K1 180 kufika pa K1 700 kubanki. Kunja kwa banki, komwe amalonda ambiri amapezako dola, nonse mukudziwa mmene zakhalira. Wowotcherera zitsulo akaona kuti makasitomala akuthawa mtengo, sangatsitse mtengo wa chitsulo, ndiye amatsitsa chitsulo chenichenicho. Amagula pepala lopyapyala, amawotcherera modontheza apa ndi apo m'malo motsata mzere wonse, mipata n'kutseka ndi fila, pamwamba penti wonyezimira. Kugwa kwa kwacha sikuoneka pa mtengo pokha, kumabisalanso m'kunenepa kwa chitsulo. Dinani ndi chala chachikulu pakati pa chitseko. Chikabonyoka n'kulira ngati chitini, chisiyeni. Funsani mamilimita a pepalalo, ndipo ngati n'kotheka kaoneni chitseko chisanapakidwe penti.

Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri, ndipo dzimbiri limayambira pansi. Nyumba zathu timakolopa m'mawa uliwonse, madzi amakhazikika pomwe felemu yalowa musimenti, ndiye pakatha zaka zochepa miyendo ya felemu imakhala yadyeka ngati yalumidwa ndi makoswe. Kumtunda kwa nkhungu kuja zimachitika msanga. Mankhwala ake ndi penti woyamba wofiira uja, red oxide, wopakidwa pachitsulo chotsukidwa bwino, mbali zonse, makamaka zomwe sizioneka, felemu isanamangidwire kukhoma. Kumunsi vuto ndi lina: chitseko chachitsulo choyang'ana kumadzulo, chopakidwa penti wakuda poti ndiye fasho, pofika 3 koloko masana mu October chimakhala ngati chiwaya, ndipo kutenthako kumalowa m'nyumba mpaka usiku. Mukasankha chitsulo ku Zalewa kapena ku Matope, sankhaninso penti wowala.

Msewu nawo uli m'nkhani yomweyi. Neno inakhala boma palokha mu 2003 itachoka ku Mwanza, ndipo msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza walonjezedwa pamisonkhano ya chisankho kangapo konse, ntchito yake n'kumayenda ngati kamba. Chitseko chogulidwa ku Limbe chimakwera lole pamodzi ndi matumba a feteleza ndi makireti, chimagubuduzika m'mabampu, chikamafika kumtunda penti wakalika m'makona. Pokalikapo ndi pomwe dzimbiri limayambira. Mtengo wonyamulira nawo umakwera nthawi ya mvula, magalimoto akamaopa matope. Kupangitsa konkuno n'kwabwino, koma wowotcherera amafuna magetsi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti boma lomwe lili m'mphepete mwa Nkula ndi Tedzani, komwe kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino, midzi yake yambiri ikadali mumdima. Owotcherera amapezeka pa ma trading centre okha, pomwe kalipentala ndi chopalira chake chamanja amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango paliponse. Tikamati aliyense asamukire kuchitsulo, tikunenanso kuti ndalama ichoke m'mudzi ipite kutauni ndi kunja.

Za aluminiyamu ndi zitseko za pulasitiki wolimba sinditayapo nthawi. Sizichita dzimbiri, siziola, n'zoona. Koma mtengo wake ndi wa ku Namiwawa, ndipo loko kapena hinjesi yake ikathyoka simukaipeza pa Neno boma.

Pali chinthu china chomwe chimaposa kusankha pakati pa thabwa ndi chitsulo, ndipo n'chimene mamangidwe amakono akutilanda: khonde. Nyumba za makolo zinali ndi denga lotulukira kunja ndi khonde lokwera, moti mvula inkalephera kufika pachitseko. Lero fasho ndi nyumba zobisa denga kuseri kwa khoma, kutsogolo kuli see ngati sitolo, zomwe tikukopera pa zithunzi za pa intaneti za kumayiko a nyengo ina. Chitseko chimatsala pamtetete, mvula ya mphepo ikuchimenya mwachindunji, dzuwa likuchiwamba. Chitseko cha malaina pansi pa khonde la mita imodzi ndi theka chikhoza kukhalitsa kuposa cha mlombwa chomwe chili pamtunda popanda chotchinga. Onjezani kachitunda kapansi pakhomo kuti madzi a pabwalo asalowe, ndipo pakani penti kapena vanishi mbali zonse zisanu ndi imodzi. Ambiri amapaka kumaso ndi kumbuyo, n'kusiya m'mphepete mwa pansi ndi pamwamba, pomwe ndi pamene mitsempha ya thabwa yatseguka ndipo imayamwa madzi ngati muzu. Chitseko chipakidwe chisanapachikidwe, chifukwa chikapachikidwa palibe amagwada kuti apake kunsi.

Mukandifunsa ine, kumtunda ndingasankhe thabwa lodzala louma bwino, lochindikala, pa felemu yachitsulo yopakidwa red oxide, pansi pa khonde. Kumunsi ndingapite kuchitsulo chochindikala cha penti wowala, ndalama zikalola; zikavuta, bulugamu wokhwima wothiridwa mankhwala, wosagunda pansi. Ndipo amene mtima wake uli pa mlombwa basi, afunefune chitseko chakale. Nyumba zakale zikugwetsedwa m'matauni ndi m'ma estate, zitseko zake zimagulitsidwa, ndipo thabwa lomwe lauma zaka 40 silidzasunthanso. Nthawi zambiri chimakhala chaola thabwa lapansi lokha, lomwe kalipentala amasintha tsiku limodzi. Pamenepo mwapeza mlombwa weniweni popanda kugwetsa mtengo wina.

Koma sizingathere pa wogula yekha. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April timakhala m'nyengo yodzala mitengo, akuluakulu amajambulitsa atagwira mbande, ziwerengero za mamiliyoni zimalengezedwa. Funso loti mitengoyo idzagwira ntchito yanji, ndipo ndi ingati yomwe imafika chaka chachiwiri, silifunsidwa mokwanira. Neno kumtunda kuli mvula ndi nthaka yoti mitengo ya matabwa ikhoza kukhala mbewu yogulitsa ngati manachesi. Mbawa imamera bwino ikadzalidwa m'mbali mwa mitsinje, ndipo imakula msanga kuposa mlombwa. Wa zaka 25 amene angadzale lero m'mbali mwa Wamkulumadzi kapena Lisungwi akhoza kudzachekako yekha asanakalambe, uku mizu yake ikugwira gombe nthawi ya madzi osefukira.

Khonsolo ya Neno ili ndi mphamvu yaikulu kuposa mmene imaganizira, chifukwa ndi imodzi mwa ogula zitseko ambiri m'bomali. Midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, zipatala zing'onozing'ono ndi zomangidwa ndi ndalama za CDF zonse zimafuna zitseko, ndipo aliyense amene anaphunzira pasukulu ya boma amakumbukira kalasi yopanda chitseko, mbuzi zikugonamo. Mu 2018 malamulo a National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Nzeru yomweyo ikhoza kufika pa thabwa: kontirakitala aonetse komwe matabwa achokera, ndipo asalipidwe ndalama yomaliza mpaka chitseko chitadutsa dzinja limodzi chikutsekabe. TEVETA, yomwe imaphunzitsa achinyamata ukalipentala ndi kuwotcherera, ikhoza kuthandiza magulu a amisiri kukhala ndi shedi imodzi youmitsira matabwa pa trading centre, ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'thabwa, komwe kukula kwake n'ngati foni. Mmisiri mmodzi sangagoneke mpamba miyezi inayi, koma khumi atasonkherana akhoza, ndipo woyamba kulemba pachikwangwani kuti "matabwa ouma, bwerani muyeze nokha" adzalanda makasitomala onse a pamsikapo.